Masamba a Nshawa Amene Amai Anafutsa

Wokondedwa mng'ono wanga Yona,

Landila moni kumeneko kutsidya kwa nyanja. Kuno ku Petauke tili bwino, ndipo chifuwa cha amai chapola.

Timabotolo tako ta mankhwala osungila masamba tinafika. Nshawa zikali monga ndinakuuzila: zapinimbila, masamba apotana ndi kuchita chikasu. Ndinathyola masamba odwalawo, n'kuwasiya m'lichelo, ine n'kupita ku boma kukagula lezala. Pobwela ndinapeza amai atawawilitsa ndi mchele, awayanika kale pamphasa!

"Nanga si mwati apite kutali osaola?" anatelo. "Ndiwo zonse timafutsa chonchi."

Ndinawafotokozela kuti makina ako amagetsi amaona tinthu tochepa kuposa fumbi, ndipo tsamba likaphikidwa, kachilombo kamene ukufunako kamaonongeka. Sanakhutile, koma dzulo m'mawa anandipelekeza kumunda.

Ulendo uno ndinatsata zonse unanena. Tsamba ndimalidula lisanafote, tizidutswa ngati njele za mawele, n'kuponya m'mankhwala nthawi yomweyo. Ogwila timabotolo anali amai. Tatisunga pansi pa mtsuko wa madzi pozizila, ndipo aphunzitsi a Lungu atitenga popita ku Lusaka kuti akatitumize kwa iwe. Usakayike, ntchito yagwilika bwino.

Ukakaona kachilomboko, utiuze msanga ngati mbeu yathu tibzalenso kapena tiitaye. Thumba la mbeu lotsala sitilikhudza mpaka uyankhe.

Mulungu akusunge. M'phukusi la timabotolo amai aikamonso mfutso wa chibwabwa. Akuti umenewo usauike m'makina, udye.

Ndine mkulu wako,
Filipo