Zimene khasu lafukula kudimba

Amayi anga, kumene muliko mukukhala bwanji?

Kuno ku Bembeke tilipo. Chisanu chapsereza tomato wathu, koma nyemba tapeza. Alamu anachira mwezi watha, ndi mwana wamkazi, mphuno ngati yanu.

Chandilembetsa ndi Esinta, chitsirizira wanu. Watha msinkhu. Azakhali ali kutali, ndiye womulangiza ndine, ine amene munkandifunsa kuti, “Iwe, mawu umasungira ndani?”

Ndiyambe ndi kuulula. Chimwalirire inu ndinasiya nyanda, ndinayamba kugula mapadi kugolosale. Munkati magazi a mkazi satentha, angaume mimba, ndiponso munthu asawaone. Kutaya m’chimbudzi achimwene analetsa, ati chikudzaza msanga. Choncho ndinkakwirira kumapeto kwa dimba, pafupi ndi mtsinje, poganiza kuti adzaola ngati masamba.

Lachiwiri tikukonza mizere ya kachewere, khasu la Esinta linawafukula. Amayi, zaka ziwiri m’nthaka koma pulasitiki yake ili chikhalire. Ena madzi anawakokolola kale, kulowera kumene anzathu amatunga. Esinta anati, “Achemwali, kodi munabzala kuti amere?” Ndinaseka, koma nkhope ndinasowa poiika.

Pomwepo nayenso anaulula kuti amavala padi imodzi tsiku lonse, kuopa kusowa potaya kusukulu, moti wasupuka m’mphechepeche. Ndinapita naye kuchipatala. Anesi anamupatsa mankhwala opaka, anati azisintha pafupipafupi, ndipo nsalu si yoipa bola ichapidwe ndi sopo, iume bwino.

Ndadula chitenje chanu chobiriwira chija, tasoka pamanja tinsalu tathu. Koma apa ndakulakwirani. Inu munkayanika pansi pa mphasa, ife tikuyanika padzuwa kuseri kwa nkhokwe. Dzulo a Nabanda, oyandikana nafe, anaima nthawi yaitali akuyang’ana. Ine ndinawapatsa moni, sindinaanule.

Mapadi akudimba aja tatola onse, ali m’thumba. Anesi ati ndipite nawo akawatenthe kuchipatala pamodzi ndi zinyalala zawo, ndipo mimba siuma ndi zimenezo. Mawu anu ndimawaopabe, amayi, poti nanenso ndimafuna kudzabereka. Koma Esinta akuyang’ana chimene ndichite, ndipo madzi aja timamwa tonse.

Ndikulonjeza kuti mwana wanu sadzakwirira kanthu kudimba monga ndinachitira ine. Loweruka thumba lija ndilisenza ndekha. Ngati ndalakwa, mundikhululukire.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Velonika