Mawuwo Ndi a Ndani

Lolemba, 3 Febuluwale

Msonkhano wa aziphunzitsi, m'kalasi yodontha ija. Pak Hironimus (kuno ku Flores bambo timati Pak), ahedi athu, abwera ndi nkhani yochokera kuboma. Maphunziro atsopano a pafoni, a momwe tingaphunzitsire ana ndi zipangizo zamakono. Magawo khumi. Palibe wokuphunzitsa, palibe kalasi. Makanema, timafunso, kumapeto satifiketi. Akuti, "Aliyense pa liwiro lake, palibe kuthamangitsana."

Atatero atsokomola, n'kuwonjezera kuti aganyu, amene sanalembedwe ndi boma, akapanda satifiketi pakutha pa Malichi kontirakiti yawo sidzasainidwa. Waganyu pasukulu pano ndilipo ndekha. Anzanga onse maso pazenera, ngati nkhaniyo ndi ya mbuzi zili panja.

Zaka khumi ndi chimodzi ndikupuma fumbi la choko pano. Lero zoti ndine mphunzitsi kapena ayi inene foni yosweka galasi. Liwiro lako ndi limenelo, Yustina.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Netiweki m'mudzi muno ili malo awiri: kunyumba kwa ahedi, komwe kuli kachimbale padenga, ndi kumanda pamwamba pa phiri. Ine wa kumanda. Pamanda a malemu Katekisiti Fransiskus, a matailosi obiriwira aja, ndi pomwe imagwira bwino. Ndawapepesa ndisanakhale. Ali moyo sankakonda phokoso.

Kanema woyamba. Mayi wa ku Jakarta, kulikulu la dziko, mano oyera mbee, akukhudza bolodi ndi chala, bolodi n'kumasintha mitundu. Ana ake aliyense ndi kakompyuta. "Kayeseni mawa m'kalasi mwanu!" Ndikayesa, mayi. Langa ndikalikhudza kumayoyoka chiswe.

Kanemayo sadumphika. Netiweki ikaduka amayambiranso pachiyambi. Wayambiranso, wayambiranso, mvula n'kufika. Bandulo yatha ngati madzi m'dengu.

Koma ndasuzumira kumapeto, mtima n'kukhala pansi. Gawo lachikhumi akufuna nkhani yoona ya momwe unathandizira mwana ndi chipangizo. Imeneyo ndiye ndili nayo. Osi.

Osi, kamtsikana ka m'kalasi mwanga, Sitandade 3. Kwawo n'kutsidya kwa mtsinje. Dzinja madzi akadzaza, akuluakulu amawoloka pa nsungwi ziwiri zija, mwana sangayerekeze. Ndiye amajomba miyezi. Chaka chatha samatha n'kuwerenga dzina lake lomwe. Ndinayamba kujambula mawu anga ndikuwerenga buku pang'onopang'ono, Loweruka pamsika n'kumathira m'foni ya mayi ake, foni kufoni, sipafunika netiweki. Iye kunyumba buku pamwendo, foni kukhutu, chala pamzere. Pano amawerenga kuposa ana a m'kalasi yapamwamba. Mayi wa ku Jakarta sanandiphunzitse zimenezo.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Nkhani ya Osi ndinailemba Lachisanu, yonse. Ingodikira.

Titatuluka Misa, Veni wabwera ndi timabanzi ta kompiang totentha. Mphunzitsi mnzanga, kusukulu Ibu Veneranda, kunena kuti Mayi Veneranda, kwa ine Veni basi. Tinakulira limodzi, ukaristia woyamba tinalandira tsiku limodzi. Iye boma linamulemba kalekale, komanso ndi mng'ono wa akazi a ahedi. Ine amanditchula Kaka Tin, kunena kuti achemwali a Yustina. Akuti, "Kaka Tin, mutu wanga wauma gwa, cholemba pa gawo lachikhumi ndilibe. Ndingoona kalembedwe basi."

Ndamuwerengera mokweza. Pofika pomwe Osi anawerenga koyamba pamaso pa anzake, Veni wapukuta misozi. Ndanyada, ndisaname. Ndamuthirira m'foni mwake.

Atapita, Blasius mwamuna wanga watola banzi, walinunkhiza. "Mabanzi a Veni sayenda okha," akutero. Ndamuuza kuti adye atseke pakamwa.

Loweruka, 15 Febuluwale

Msika. Nkhani yatsopano m'foni ya Mama Osi. Akuti mwanayo tsopano akuwerengera nkhumba zolembedwa pa thumba la feteleza, nkhumba n'kumamvera. Andipatsa mapeyala atatu.

Veni wamaliza. Magawo onse khumi, pakhonde la mlamu wake, khofi pambali. Satifiketi waika kale m'galasi.

Ine gawo lachinayi. Mutu wake: kugawana luso ndi aphunzitsi anzako. Lachikhumi silitseguka usanamalize lachisanu ndi chinayi. Nkhani yanga ingokhala m'foni ngati mwana wodikira ubatizo.

Lachitatu, 26 Febuluwale

Gawo lachisanu ndi chiwiri. Chifuwa. Matailosi a Akatekisiti amazizira, abale!

Amayi a pachitsime ayamba kale. Wina wafunsa Blasius ngati mutu wanga ukuyenda bwino, munthu wamoyo tsiku ndi tsiku kumanda, kumalankhula yekha. Blasius wawayankha kuti ndikuphunzira. Akuti aseka mpaka kutaya madzi.

Lero funso linali lakuti, "Kodi mukumva bwanji ndi ulendo wanu wophunzira?" Posankha panali tinkhope titatu, tonse tomwetulira.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndatumiza nkhani ya Osi ija. Ndadina.

Sipanadutse n'komwe mphindi. Zilembo zofiira: ntchito yanu yakanidwa, yafanana ndi ya anthu ena, lembani zanuzanu.

Ndawerenga kawiri. Ndayang'ana dzina, mwina ndi la wina. Langa.

Ndatsika phiri osadziwa kuti nsapato ina ndaisiya pamanda.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndadziwa zonse. Veni anatumiza nkhani yanga momwe inaliri, anangosintha dzina la mphunzitsi. Itadutsa, anaiponya pagulu la pafoni la aziphunzitsi a chigawo chino, kuti "chitsanzo chabwino, abale." Gulu limene ine uthenga wake umandipeza patapita masiku.

Ndakwera kumanda kukaona ndekha. Osi ali paliponse pachilumba chathu cha Flores pano! Kwina amusandutsa mnyamata. Kwina dzina ndi Oskar, kwina Odilia. Bambo wina wa pakachilumba kopanda ngakhale khwawa walemba kuti mtsinje ukadzaza mwanayo sawoloka. Yake inadutsa. Zonse zinadutsa, chifukwa anasinthasintha timawu, ndipo anafika msanga. Wakuba wapezeka ndine, poti ndabwera kumapeto.

Ndamupeza Veni kuseri kwa kalasi. Ndimayembekezera manyazi, kaya misozi ija ya Lamulungu. Ayi ndithu. "Iii Kaka, si ndiye kugawana luso kumene? Gawo lachinayi simunalimve?" Kenako, "Inuyo mutu muli nawo, mulemba ina."

Ndikanamumenya mbama. Mulungu ndi mboni, dzanja linanyamuka lokha. Belu ndi lomwe lamupulumutsa.

Lachisanu, 14 Malichi

Kwa ahedi. Andipatsa mpando, andithirira khofi. Zizindikiro zoipa.

Ndawauza kuti ndilemba dandaulo, mboni ndili nazo, mudzi wonse umadziwa amene amaima pamsika Loweruka ndi foni. Agwedeza mutu mwachifundo. "Ibu Tin, makina saona nkhope. Woyamba kutumiza ndiye mwini." Kenako motsitsa mawu, akuti dandaulo likapita, satifiketi ya Ibu Veneranda ilandidwa, dzina la sukulu lide, ndipo iwo ngati ahedi zidzawavuta kusainira munthu amene wadetsa sukulu. Anenera akumwetulira. Khofi sindinamwe.

Blasius akuti tisiye, khofi wathu wa kumunda atidyetsa. Khofi wake uti, wogwa maluwa ndi mvula uja? Ndipo si nkhani ya kudya yokha. Ine ndikachoka, kutsidya kuja adzawathirira mawu ndani?

Ndikumuda Veni. Ndalemba, ndipo sindifufuta. Ndikumuda.

Lolemba, 17 Malichi

Ndalemba ina. Bodza lokhalokha. Akuti ine Yustina ndinagawa ana m'magulu, gulu lililonse ndi kakompyuta kake, tinaonera kanema wa mapiri ophulika, ana anasangalala kwambiri. Sukulu yopanda n'soketi yomwe! Mawu ndatola pakamwa pa mayi wa ku Jakarta uja.

Yadutsa pompo. Zilembo zobiriwira, tinyenyezi tikugwa pagalasi. "Mwachita bwino! Nkhani yanu ndi yochokera pansi pa mtima."

Ndaseka ndekha pamanda mpaka kutsokomola. Amayi a pachitsime akanandiona, bwenzi atatsimikiza.

Satifiketi ndapereka. Ahedi aiyamikira, aika m'kabati. Kontirakiti akuti sabata yamawa.

Lolemba, 24 Malichi

Koma ziliko. Nkhani ya Veni yasankhidwa kuboma, yaposa zonse. Akamulandira kutauni pamaso pa akuluakulu. Koma akufuna kanema wamfupi, mphunzitsi ndi mwanayo, pofika Lachisanu.

Mwana ali kutsidya. Madzi sanaphwe. Mama Osi sangapereke mwana wawo kwa Veni, samudziwa n'komwe bwinobwino. Ndiye ahedi andiitana. "Mayi ake amamva inu, Ibu Tin. Tithandizeni, ndi za sukulu yathu tonse." Kontirakiti yanga ili patebulo, cholembera pamwamba pake. Aisuntha pang'ono ndi chala kuti ndiione. "Izi timalizitsa tikathana ndi za kanemazi."

Veni wanditsatira panja. "Kaka, dzina lake lonse ndani kodi mwanayu? Angandifunse."

Oswalda Jemamu. Ndamuuza. Walemba padzanja.

Lachinayi, 27 Malichi

Mwana amene sitimulola kuwoloka kuti adzaphunzire, lero wawoloka kuti adzajambulidwe. Blasius wamubereka kumsana pa nsungwi zija, madzi akulira pansi, mayi ake atagwira korona wopempherera tsidya linalo. Ine ndinawauza kuti kuboma akufuna kuona momwe Osi akuwerengera. Theka lake ndi zoona.

Tsitsi ndamupesa ndine. Yunifolomu tabwereka ya mwana wa ahedi. Foni ya ahedi yojambulira apatsa ine, akuti dzanja langa silinjenjemera.

Veni wakhala naye pabenchi, wamukumbatira paphewa, watsegula mawu aja kuti aonetse momwe amachitira. Mawu anga. Osi wamwetulira, wayang'ana kwa ine. "Amenewo ndi Ibu Tin!"

Ahedi: "Dulani, dulani."

Amufotokozera. Anene kuti zikomo Ibu Veni pondithandiza kuwerenga. Osi wangoti duu. Tayambiranso. Wafika pa "zikomo Ibu," waima, maso kwa ine. Veni wayamba thukuta. Ahedi angondiyang'ana.

Ndiye ndagwada. Ine. Ndamugwira timanja, tozizira ndi mtsinje. Ndati, Osi, mwana wanga, nena momwe akuuziramo. Wafunsa monong'ona, "Ndalakwitsa, Ibu?" Ndati eya, pang'ono, bwereza.

Wabwereza bwinobwino, mawu omveka, osaphonya. Ndi mwana wogwira zinthu msanga, ndakhala ndikunena.

Ahedi asaina asanadye n'chamasana chomwe. Veni wandipsompsona patsaya. Pobwerera kumtsinje Osi sanandigwire dzanja. Wagwira malaya a Blasius.

Loweruka, 29 Malichi

Msika. Veni wakwera basi ya m'mawa yopita kutauni, nsalu yatsopano paphewa.

Dzulo ndinajambula nkhani ina, ya mlimi ndi njati yake. Ndinaimaliza.

Mama Osi ndawapeza pa tomato. Ndatulutsa foni monga mwa masiku onse. Iwo yawo sanatulutse. Aipapasa m'thumba, aisiya momwemo. Sanakwiye, bola akanakwiya. Akuti chibwerereni mwanayo buku sanaligwire, foni akampatsa akukana.

"Wandituma, Ibu. Akuti mumuuze kaye kuti mawuwo ndi a ndani, angadzalakwitsenso."

Kontirakiti ili m'chikwama, yosainidwa, chidindo chofiirira. Chaka china chathunthu ndine mphunzitsi.

Mama Osi aima, akudikira yankho loti akamuuze mwana. Ine foni m'manja. Ndatsegula pakamwa...