Singano m'mapazi a chidole

Lachinayi, Novembro. Kwatentha, kulibe ndi kamphepo komwe, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Filime yanga ya zidole za dongo yatsala pang'ono. Kusuntha chidole pang'ono, kujambula, kusunthanso, masabata atatu tsopano. Gulu la opanga mafilime otere ku Nampula lati ndikatumiza pofika Lolemba andilandira. Zaka ziwiri chimalizireni maphunziro ndangokhala kuno ku Entre Lagos. Mwayi uwu sindiutaya.

Masana atsibweni alowa m'chipinda osaodira. Apeza chidole chachikazi chili chilili pathabwa, singano ziwiri zitabaya mapazi kuti chisagwe. Ayang'anitsitsa kapulana imene chidolecho chavala.

"Nsalu iyi ndi ya abiti Saidi."

"Ndi zidutswa chabe, atsibweni. Ndinatola kwa alifayate, wosoka zovala uja."

"Ukudziwa kuti mayi amenewo mapazi atupa? Sabata yonse sanaponde pansi."

Sindimadziwa. Ndawaonetsa patelefoni kuti amvetse ntchito yake. Kupusa kwanga! Ataona dongo likuyenda lokha, abwerera m'mbuyo mpaka pakhomo.

"Zula singanozo lero, mphwanga. Alifayate wauza kale amuna awo. Bambowo akubwera kuno mawa m'mawa."

Ndikazula, chidole chisuntha pamalo pake, gawo lonse ndiyambirenso, Lolemba lindipitirire. Ndikazisiya, abiti n'kufookerafookera, dzina langa ndi mfiti.

Koma chondiopsa kwambiri si chimenecho. Nanga bwanji ndikazula lero, mawa mayiwo n'kudzuka akuyenda bwinobwino? Pamenepo ndidzauza ndani kuti ndi dongo chabe...