Kansalu ka M'thumba la Agogo

Lachiwiri, 14 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi mwana. Kuno tilipo. Agogo ndikuwadontheza mankhwala m'maso kawiri pa tsiku monga munandiphunzitsira, koma tsopano amangozindikira kuwala kwa pawindo basi. Kalata ino ndi yachitatu. Ziwiri zoyamba ndang'amba chifukwa ndimangozungulira osafika pa nkhani.

Mwezi watha kunabwera abambo awiri a gulu lina lokonda ndege zakale. Akonza ndege ya nkhondo imene inkachita dzimbiri ku bwalo lakale la ndege, ndipo ankafunafuna onse amene anaigwirapo ntchito. Atamva kuti agogo anali makaniko wake anasangalala ngati ana, mafunso osatha: injini inkalira bwanji, inkamwa mafuta ochuluka bwanji. Kenako anati apezanso woyendetsa wake, mkulu wina amene anzake ankamutcha Kabawi. Agogo anafunsa kuti, "Chigawenga chimenecho chikadali moyo?" Zaka makumi anayi ndi zitatu osaonana.

Lachisanu agogo anandiuza kuti ndiwakonzere zovala, poti abambo aja anatiitana kukaona ndegeyo Loweruka. Jekete ija ya m'sutikesi ndinaisita, mabatani ndinawapukuta limodzilimodzi. M'thumba lam'kati ndinapezamo kansalu koterera, kakang'ono ngati mpango wa m'manja, ka madontho akuda, konunkha oilo. Achemwali, mukundidziwa. Ndinaganiza kuti akakatulutsa pagulu n'kupukutira nkhope, anthu adzati mdzukulu wawo ndi wauve. Ndinakaviika m'madzi otentha, ndinathira mankhwala oyeretsera, ndinakachapa katatu. Madontho okanika ndinawakwecha ndi mswachi wakale. Kanayera mbee. Ndinakasita, ndinakabwezera m'thumba, ndikudzitama mumtima.

Loweruka tinapita. Ndegeyo inali m'chishedi chachikulu, mapiko ake aatali kuposa nyumba yathu. Agogo anati ndiwafikitse pafupi. Anaisisita pamimba, anagogoda ndi chala, n'kunena kuti, "Amene wamanga apa sanamangitse." Anthu anaseka, koma mmodzi anathamangadi kukatenga sipanala.

Ndiye tinamva mawu kumbuyo: "Sipanala! Wathatu ngati tayala lakale!"

Anali a Kabawi, aatali, owerama, ali ndi ndodo. Kani Sipanala ndi dzina limene ankawatcha agogo.

"Sindikukuona," anatero agogo, "koma mawuwo ndi a munthu uja ankandibweretsera ndege yobooka tsiku lililonse."

"Ndinkakupatsa ntchito. Ukanadya chiyani?"

Anakumbatirana mpaka ndodo zawo zonse zinagwa. Ine ndinatola.

Atakhala pansi, a Kabawi anafunsa kuti, "Kansalu kaja ukadali nako?" Ndipo anafotokozera anthu. Tsiku limene nkhondo inatha, amuna asanu ndi mmodzi a ndege imeneyi anadula kachidutswa ka parachuti kuti alembepo mayina. Koma mmodzi, amene ankapakira zipolopolo, sankadziwa kulemba. Pofuna kuti asachite manyazi, onse anasiya cholembera, anaviika zala zazikulu mu oilo wa injini n'kudindapo. Chithunzi analibe. Anayi anamwalira.

Apa ndi pamene ndinazindikira chimene ndinachapa.

Panali mayi wina wovala duku lobiriwira, mwana wa wopakira zipolopolo uja. Bambo ake anamwalira iye ali wakhanda, ndipo anayenda masiku awiri kudzaona chala chawo. Anaimirira n'kusendera pafupi.

Agogo anatulutsa kansaluko, anakafunyulula pa bondo. Kali mbee, mizere yanga ya simbi ikuoneka. Agogo anayamba kuloza ndi chala: "Apa ndi ine. Apa Kabawi, anadinda mopotoka ngati m'mene ankateramo. Apa pakona ndi bambo ako, mwanangu. Anadinda mwamphamvu kuposa tonsefe."

A Kabawi anayang'ana kansaluko, kenako manja anga osupuka ndi mankhwala aja. Anatsokomola n'kunena kuti, "Zaka zimafufuta chilichonse." Mayi uja anagwada, anaika chala chake pakona poyera paja nthawi yaitali, n'kuti, "Zikomo, bambo." Kenako anatembenukira kwa ine, anandigwira dzanja n'kundiyamikira kuti ndikusamala bwino nkhalamba.

Achemwali, apa ndiye pamene pakundipweteka kwambiri. Kuchapako ndinachapa mosadziwa. Koma pamenepo ndinkadziwa, ndipo ndinangoti, "Zikomo." Ndinalola kuti mlandu wanga usenzedwe ndi zaka.

M'basi pobwerera ndinalimba mtima. Ndinati, "Agogo, kansalu kaja..."

"Ndinadziwa m'mawa," anatero. "Zaka zonsezi ndikatsegula sutikesi ndimayamba ndakanunkhiza. Lero kamanunkhira sopo."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Iwe, kansalu kameneka tinadinda kuti munthu asachite manyazi pagulu. Ndikanakuyalutsa nako bwanji?" Titadutsa pa mlatho anati, "Koma kuchapa umatha, mdzukulu wanga. Oilo ameneyo anandikanika ine m'zikhadabo zaka khumi." Anaseka okha. Ine ndinalira mpaka potsikira.

Tsopano pempho langa ndi ili. Adilesi ya mayi uja ndinaitenga kwa abambo a gulu aja, ndipo ndikufuna kumulembera zoona, kuti si zaka, ndine. Koma sindikufuna kumutumizira kupepesa kokhakokha. Inu munasamala agogo zaka zisanu musanakwatiwe, ndipo akuti kansaluko munakaona kangapo maso awo asanafe. Akuti chala cha pakonacho chinali ndi kamzere pakati, chipsera cha chitseko cha ndege. Kodi mukukumbukira? Chinali chachikulu bwanji, chopendekera kuti? Chonde ndilembereni chilichonse, ngakhale mujambule pa kapepala. Ndi inu nokha otsala amene munachiyang'ana bwino, poti a Kabawi akuti iwo amangokumbukira chawo chopotokacho.

Sindikukudandaulani kuti simunandiuze. Ndikanafunsa, agogo anali pomwepo pakhonde.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo mwanayo mumupsompsone m'malo mwanga. A Kabawi akuti abwera mwezi wamawa kudzacheza, sindikudziwa kuti ndidzawayang'ana bwanji. Agogo akupereka moni wambiri, ati musandikalipire. Koma ine ndikuti ndikalipireni, mwina ndingapepukidwe, chifukwa kuno palibe amene akufuna kutero. Lero m'mawa ndinawaona pachitseko atatsegula sutikesi. Anatenga kansalu kaja, anakafikitsa pamphuno, anakapinda bwinobwino m'mizere yanga ija n'kukabwezera.

Ndine mng'ono wanu,
amene munamusiyira makiyi a sutikesi.