Mwana Akudikira Foni

Lolemba, 2 Juni

Mchombo wagwa dzulo. Mwana wanga watuluka m'chikuta, dzina alibe. Azakhali anabwera kuchokera ku Chirimba ndi chitenje chatsopano, anatchula kale: Dailesi, dzina la malemu amayi anga. Ndinalira. Koma amuna anga a Pearson akuti tidikire kaye, afufuze. Kuofesi kwawo ku Makata wina anawaonetsa tsamba la pa intaneti lofotokoza kumene mawu a Chingerezi anachokera. Chionereni tsambalo, m'nyumba muno mulibe mtendere.

Lachinayi, 5 Juni

Lero ndaphunzitsidwa kuti husband poyamba ankatanthauza mwini nyumba. A Pearson ananena atatukumula chifuwa. Ife tili pa lendi. Ndinawapempha ayanike matewera, anayankha kuti akuwerenga za Chilatini. Thewera lauma limodzi lokha, kuzizira kwake kwa Juniku.

Lamulungu, 8 Juni

Dailesi pa tsambalo palibe. Alemba ndi y, alemba ndi c, ngakhale dontho. "Dzina lopanda chiyambi mwana wanga sangalisenze," atero. Apeza lawo: Mildred, akuti mphamvu yofatsa, lolembedwa bwinobwino ndi zaka zake zomwe. Mildred amene ndikumudziwa ine ndi uja wa pa risepushoni kuntchito kwawo. Kufatsako sindinakuonepo.

Aneba pa mpopi akusowa pondigwira. Ena akuti amake khanda, ena amake uje. Manyazi andigwira.

Loweruka, 14 Juni

Azakhali abweranso. A Pearson anawayalira nkhani yonse, mpaka kuwasonyeza foni. Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto, tiyi osamukhudza. Kenako: "Chabwino bambo. Wotchula dzina amaveka mwana, akadwala amabwera kudzagonera kuchipatala. Foniyo itchule, idzabwerenso." Anapinda chitenje chawo, nachibweza m'chikwama. Sanatsanzike. Minibasi anakakwera okha, anakana kuperekezedwa.

Amayi atamwalira anandilera ndi iwowa. Chakudya chandikanika.

A Pearson akuti azakhali ndi otsalira. Afufuzanso dzina lawo lomwe: mwana wa Petulo. Bambo awo anali a Paston. Pamenepo sanachedwepo.

Lachitatu, 18 Juni

Kusikelo. A Pearson anandiperekeza, foni m'manja, akuti atsimikize komaliza tili pa mzere. Anesi anafunsa dzina la mwana. Iwo: "Tangodikirani pang'ono, tsamba likutseguka." Kumbuyo amayi odzaza benchi, ana akulira, wina anafuula kuti abambo mukatsegulire panja.

Ndinati Dailesi. Mawu anatuluka okha, aakulu kuposa mmene ndimafunira. Anesi sanafunse n'komwe kalembedwe kake.

Panjira a Pearson anandifunsa, nkhope ili gwa, kuti mwana akadzafuna kudziwa kumene dzina lake linachokera tidzamuonetsa chiyani. Ndinati ndidzamutengera ku Chirimba, pamanda a amayi pali mtanda, lidalembedwa pamenepo.

Sakundiyankhula. Mawa m'mawa ndibereka Dailesi, tikagwade kwa azakhali. Chitenje chija mwina akadali nacho.