Fodya wa Ba Augustine m'Bokosi la Bwana

Kabulonga, Lusaka
Novembala, 1985

Okondedwa alongo anga Ba Augustine,

Ndikupatsani moni nonse kumudzi. Muli bwanji inu, alamu anga ndi ana? Nanga maso a amayi ali bwanji, lakumanzere lija likuonako kapena nalonso lachita chifunga? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi. Ndakwiya nanu, ndipo kalata ino musaiwerengere pagulu, muiwerenge nokha kuseri kwa nyumba.

Za m'tauni ndi zomwe zija. Sopo wasowanso. Mafuta ophikira timaimira mzere mpaka miyendo kutupa, ukangofika pakhomo akuti atha. Koma sindinagule sitampa kuti ndikuuzeni za sopo.

Mukukumbukira mu Ogasiti muja munabwera kudzakamba zoti amayi adzagone kwa ine pamene akuonana ndi dokotala wa maso ku chipatala chachikulu. Tsiku lawo ndi kumapeto kwa mwezi uno, ndipo akaliphonya adzadikira mpaka chaka chamawa, pamene diso lotsalalo lidzakhala litatseka kale. Kwina kogona m'tauni muno alibe. Ndinakuuzani kuti mukhale m'kanyumba kanga kuseri, nkhaniyo ndikamba ndekha ndi adona, chifukwa ine pano ndine wophika chabe ndipo kanyumbako si kanga. Inu munakana. Munati, "Ine sinine kawalala wobisama. Nizamupatsa moni mwine nyumba."

Munapitadi pakhonde pamene panali bwana, kugwada, kuomba m'manja, n'kutulutsa fodya wopota uja munampachika kudenga la khitchini yanu kumudzi chaka chatha. Simunandifunse. Mukadafunsa ndikadakuuzani kuti mubwere ndi nkhuku kapena mtedza. Safunsa anadya phula, koma phula lanu ndikudya ndine.

Bwana anasangalala, sindikana. Za amayi anavomera pomwepo, inu n'kubwerera kumudzi ku Chalimbana mukuyenda ngati mwagula Lusaka yense. Chimene simunaone n'choti fodya wanu anapatsidwa ulemu wopitirira. Bwana anakamuika m'bokosi lake la masigara. Masigara ndi ndudu zonenepa ngati chala chachikulu, zokulungidwa ndi tsamba la fodya osati pepala. Amachokera kunja, amabwera ndi mnzake wina woyenda pandege, ndipo masiku ano sapezekanso. Bokosilo ine ndimangolipukuta pamwamba, kutsegula sindiloledwa.

Kutentha kwa Okutobala kutafika, mazira amene anali m'fodya wanu anaswa. Ndi tizilombo tating'ono tofiirira, abale awo a anankafumbwe, kungoti iti timaboola fodya. Ndipo tizilomboto tinasankha tsiku labwino loonekera. Kunabwera akuluakulu awiri a Chipani cholamula kudzadya masana, ndipo atakhuta bwana anatsegula bokosi kuti awaonetse kuti iye si munthu wamba. Mlendo wina anayatsa sigara n'kukoka, utsi n'kumatulukira m'mbali ngati khitchini ya udzu. Anakokanso mpaka masaya kulowa mkati, osamva kanthu. Mnzake anagogoda yake patebulo, fumbi n'kutaika, kachilombo n'kuyamba kuyenda pansalu yoyera imene ndinaisita ndekha. Alendowo anaseka mpaka misozi. Bwana sanaseke.

Alendo atangochoka, bwana anakhuthula bokosi lonse, ndipo pansi anapeza mphatso yanu itasanduka ufa. Anandiitana pamaso pa adona n'kundilozera ufa wa fodyawo. Anati, "Clotilda, ichi nichani? Ine nikuthandizani, imwe munibweretsela tudoyo mu nyumba?" Kenako analumbira kuti munthu wa kumudzi sadzagonanso mumpanda wake. Adona ndi amene anamunyengerera kuti ayambe waona ngati masigara otsalawo angapulumuke, za amayi adzagamule pambuyo.

Mwamva, Ba Augustine? Maso a mayi amene anatibereka anayamba kudikira fodya wa munthu.

Ntchito yopulumutsayo inagwera ine. Mankhwala ophera tizilombo sangathireko poti ndi chinthu cholowa m'kamwa, ndiye bwana anati tiphe ndi kuzizira, pakuti kuzizira kwambiri kumapha tizilombo ndi mazira omwe. Ndinakhala pansi kuona sigara iliyonse padzuwa ngati ndikusankha mbewu. Zobooka zonse, pamodzi ndi ufa wanu, ndinakatentha kudzala. Zabwinozo ndinaika m'mapulasitiki, kufinya mpweya, kumanga, n'kuikanso m'mapulasitiki ena.

Ndipo musaganize kuti umangoponya. Uyenera kuyamba waika mufiriji wamba kuti azolowere, kenako mufiriza, bokosi lalikulu lija loziziritsa nyama mpaka kuuma ngati mwala. Akakhalamo masiku angapo abwerere mufiriji, kenako m'chipinda chozizira bwino, pang'onopang'ono. Ukapupuluma tsamba lakunja limang'ambika, sigara yatha ntchito. Mwana wobadwa masiku osakwana sasamalidwa chonchi.

Kuti fodya asamve fungo la nyama, bwana analamula kuti firiza ikhuthulidwe. Nyama ina ndinaphika, ina anatumiza kwa abale ake, yotsala anadya agalu. Ndinaima n'kumaona agalu akudya nyama ya ng'ombe, ine amene ndiwo zanga sabata imeneyo zinali kapenta wa mchenga.

Tsiku lina masana magetsi anazima. Ndinafunditsa firiza masaka, n'kugwada pambali pake ndi korona m'manja. Ine Clotilda, wobatizidwa ku mishoni, wa m'bungwe la amayi a Anna Woyera, kupempherera fodya kuti asasungunuke! Ndinachita manyazi pamaso pa Mulungu, ndipo pakati pa pemphero dzina lanu ndinalitchula, koma osati mokudalitsani.

Masigara anapulumuka, kupatula ochepa amene anang'ambika. Bokosi ndinalipukuta mkati monse n'kuliumitsa. Lamulungu lapitali bwana anatenga imodzi, kuinunkhiza, kuifinya pafupi ndi khutu, n'kuyatsa pakhonde. Utsi unatulukira koyenera. Ine ndinali pazenera la khitchini, ndikusuzumira.

Atamaliza anandiitana. Anati amayi abwere, koma okha, inu musapondenso pano. Asabwere ndi chilichonse chochokera kumunda kapena kunkhokwe, ngakhale kabotolo kawo ka fodya wa m'mphuno. Ndipo katundu wawo yense, bulangeti, zitenje, duku, zonse ndidzazimange m'mapulasitiki pageti pomwepo n'kuziika mufiriza masiku angapo ngati masigara aja, zisanalowe m'kanyumba kanga. Amayi adzasambe, avale zanga.

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinati zikomo bwana. Ndinamwetulira. Nditalowa m'kanyumba kanga ndinaluma pilo kuti adona asandimve. Bwanayo ndakwiya naye, munthu amene agogo ake ankagona pamphasa ngati athu. Koma iye sindingamulembere kalata, mawa lomwe ndingapezeke pamsewu ndi sutikesi, amayi n'kukhala m'mdima. Inu ndingakulembereni, ndipo ndinu munayambitsa.

Mudzanena kuti munachita mwambo, kuti munthu salowa pakhomo pa mwini wake chimanjamanja. Ndikudziwa, tinaleredwa ndi mayi mmodzi. Koma ine ndakhala pakhomo pano zaka zambiri, ndikudziwa pomwe paponda phazi ndi pomwe saponda. Munaona kuti mawu a mlongo wanu wamng'ono ndi mawu a mwana. Ulemu munalandira ndinu pakhonde paja, kugwada kotsatira mwandisiyira ine.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi muwauze ndinu zonsezi asananyamuke, ine pakamwa panga sipangathe. Ndikuwadziwa, panopa asankha kale nkhuku yoti adzapatse adona, ndipo bulangeti lawo lofiira alichapa. Mukhale nawo pansi, muwalande nkhukuyo ndi kabotolo kawo, muwafotokozere chifukwa chake, ndipo musanamizire tauni kapena ine. Mutchule fodya wanu. Kenako muwakweze basi ku Chongwe Lolemba lomaliza la mwezi uno, ine ndikawachingamira. Ndawagulira chitenje chatsopano kuti masiku amenewo asavale zakale zanga zokha. Akakana kubwera chifukwa cha manyazi, muwagwadire ngati mmene munagwadira bwana. Kugwada mumakutha.

Mundiperekere moni kwa alamu anga Ba Perpetua, kwa ana onse, kwa amalume Ba Tenson ndi kwa atate aang'ono Ba Nason, amene ndamva kuti mwendo ukuwavutabe. Amayi muwauze kuti mwana wawo akuwadikira pageti, ndipo adzagona pabedi langa, ine pansi.

Ndine mlongo wanu, wokwiya koma wanu ndithu,

Clotilda