Komiti Yakana Kupereka Mayina a mu Seva

BUNGWE LA ALIMI LA TILIMIRE PAMODZI
Msonkhano wapadera wa komiti yoyang'anira kaundula

Tsiku: Lachiwiri, 11 Malichi 1997
Malo: Ofesi ya bungwe, pa boma la Chadiza
Opezeka: Mayi Ebelesi Miti (Wapampando), Bambo Enock Nkhoma (Mlembi, woyang'aniranso makompyuta), Mayi Elinata Zuze (woimira dera la Zemba), Mayi Fainesi Kamanga (woimira dera la Pembamoyo), Abusa Mateyu Mwanza
Mlendo: Bambo Filimoni Sakala, katswiri wa makompyuta wa bungwe la ku Lusaka limene limatipatsa mbewu
Opepesa: Bambo Yosefe Njovu (mtsinje wadzaza)

1. Kutsegula

Abusa Mwanza anatsegula ndi pemphero nthawi ya 9:20 m'mawa. Wapampando anati nkhani ndi imodzi: a Sakala akufuna mawu achinsinsi aakulu otsegulira seva, kompyuta imene imasunga kaundula wa mabanja 412 olandira mbewu. Anakumbutsa kuti mabanja 163 mwa amenewa anathawa nkhondo ku Mozambiki ndipo sanabwerere, ndiponso kuti mu 1993 komiti inawalonjeza pamsonkhano wa ku Zemba kuti mayina awo ndi kumene anabadwira sizidzatuluka mu ofesi ino.

2. Lipoti la Mlembi

Mlembi anati mu Disembala anaika mu seva Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina, yokhala ndi kenelo yatsopano ya 2.0. Anafotokoza kuti kenelo ndi mtima wa makina, umene umagamula kuti uyu atsegule chakuti, uyo asatsegule. Pulogalamu yakale ya DOS yowerengera matumba a mbewu ikugwirabe ntchito, koma tsopano imakhala m'kati mwa Linux ngati mlendo wopatsidwa chipinda chimodzi. Imayesa kuti nyumba yonse ndi yomweyo, ndipo chipinda cha mayina siichiona.

Mayi Kamanga anapempha kuti afotokozenso. Mlembi anafotokozanso, mwina osati bwino kuposa poyamba.

Anawonjezera kuti makina amalemba okha aliyense wogogoda pachitseko, ndipo analemba kuti Lachinayi lapitali masana wina anayesa kutsegula chipinda cha mayina kakhumi ndi kamodzi. A Sakala anati kunali kasanu ndi kanayi. Abusa Mwanza anati mbava yotsutsa chiwerengero yavomera mlandu. Wapampando anapempha Abusa kubweza mawu akuti mbava. Anabweza, nanena kuti chiwerengero chikhale.

3. Pempho la a Sakala

A Sakala anati sanabwere kudzaba. Likulu lawo lawatuma kukopera kaundula yense pamadisiki chifukwa lipoti la chaka chino likufuna kulekanitsa mbadwa ndi obwera. Wapampando anafunsa kuti akalekanitsa achitanji nawo mayinawo, ndipo adzawaona ndani. A Sakala anati iwo sanauzidwe.

Mayi Zuze anapempha kuti mawu awo alembedwe monga anawayankhulira: "Bambo Sakala, kwathu kuja anayambanso ndi kulemba mayina. Amene ankalemba nayenso sanauzidwe. Ine ndaika mwamuna wanga m'dothi la ku Zemba, ana anga amaimba nyimbo ya fuko lino kusukulu. Mukandilekanitsa mundiika kuti?"

A Sakala anatembenukira kwa Mlembi nati: "Enock, tinagawana chipinda zaka zitatu ku yunivesite, usandichititse manyazi. Ndikabwerera chimanjamanja andichotsa ntchito." Mlembi anati akudziwa.

Wapampando anati komiti sipereka mawu achinsinsi. A Sakala anati ngati zili choncho ali ndi kalata yowalola kutenga seva yonse, popeza ndi katundu wa likulu, ndipo galimoto ibwera Lachisanu. Kalatayo inawerengedwa ndipo inapezeka yoona.

4. Kukambirana

Abusa Mwanza anati atenge, akaigoneke ngakhale pamtsamiro, saitsegula popanda mawu amene ali m'mutu mwa a Nkhoma. Anafunsa Mlembi kuti atsimikize.

Mlembi anazengereza, kenaka anati sizili choncho. Kenelo imalondera pokhapokha ili maso. Munthu amene makina ali m'manja mwake angathe kuwayatsa ndi disiki yakeyake, kenelo yathu osadzuka n'komwe, n'kuwerenga zonse. Loko amateteza chitseko, koma wonyamula nyumba yonse amalowera padenga. Abusa anafunsa chifukwa chake akunena zimenezi mlendo ali pomwepo. Mlembi anati a Sakala amadziwa kale, popeza ndiwo anamuphunzitsa njirayo ali m'chaka chachiwiri. A Sakala anavomera. Mlembi anapepesa kuti mu Disembala anauza komiti kuti mayina ali otetezeka osatchula zimenezi.

Mayi Zuze anapereka ganizo lakuti mayina onse afafanizidwe lero. Mlembi anakumbutsa kuti makope amene munalembedwa mayinawa poyamba anatenthedwa mu 1994 atatha kuwalowetsa m'makina, choncho kaundula wina palibe, ndipo kumusonkhanitsa kunatenga zaka zitatu zoyenda panjinga. Anapempha kuti akopere padisiki imodzi yokha ya komiti. Mayi Zuze anati disiki imalowa m'thumba la malaya, ndipo kalata ina ingabwere yofuna malayawo.

Mayi Kamanga anatsutsa. Anati a ku Lusaka akakwiya mbewu ya chimanga ndi mtedza siibwera mu Okutobala, ndipo ovutika adzakhala mabanja onse 412, osati 163 okha. Anati iwo ndiwo adzayang'anizane ndi amayi a ku Pembamoyo, osati Abusa amene ali ndi golosale pa boma. Abusa anati golosale ndi ya akazi awo. Wapampando anati mantha a Mayi Kamanga ndi oona ndipo alembedwe, koma komiti inalonjeza anthu pamaso, ndipo siinanene kuti lonjezolo lidzatha mbewu ikavuta.

A Sakala anachenjeza kuti kufafaniza ndi kuwononga katundu wa likulu. Wapampando anayankha kuti: "Bokosi ndi lanu, a Sakala, tikupukutirani ndi fumbi lomwe. Zam'katizo tinabwereka kwa eni ake."

5. Chigamulo

Ovomera kufafaniza: Mayi Zuze, Abusa Mwanza, Mlembi. Wokana: Mayi Kamanga. Wapampando sanavote. Komiti inagwirizananso kuti mbewu ikadzabwera, woimira dera aliyense adzaitana anthu ake pakamwa, poti amawadziwa.

Mlembi anafotokoza kuti kungofufuta sikukwanira, chifukwa katswiri angathe kubweza zofufutidwa, choncho malo onse a mayina ayenera kulembedwa maziro pamwamba. Analemba lamulo lake pamakina, naliwerenga katatu, nafunsa ngati wina angakonde kudina. Wapampando anati ntchito ndi yake. Anadina nthawi ya 11:42, ndipo zinatha 11:55. A Sakala anapemphedwa kufufuza okha. Anafufuza kwa mphindi makumi awiri, natsimikiza pamaso pa onse kuti mulibe dzina ngakhale limodzi. Chiwerengero cha matumba a mbewu chilimo bwinobwino.

6. Zina ndi zina

A Sakala anapempha kope la zolembedwa izi kuti akaonetse mabwana awo kuti anayesetsa. Komiti inavomera, ndipo Mayi Kamanga anapempha kuti kukana kwawo kuoneke bwino m'kopemo.

Mlembi anati ngati kope lipita ku Lusaka, dzina la Mayi Zuze ndi mawu awo a pa mutu 3 ziulula kumene anachokera, ndipo anafunsa ngati azichotse. Mayi Zuze anati: "Usachotse, mwana wanga. Lemba lonse. Elinata Zuze, wobadwira ku Makanga, ku Tete, wolima ku Zemba. Amafuna 163, apatseni limodzi. Langali ndi lokhalo limene ndili ndi mphamvu yopereka."

Lalembedwa.

7. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Lachiwiri, 8 Epulo 1997, nthawi ya 9:00 m'mawa, malo omwewa. Mayi Kamanga anatseka ndi pemphero nthawi ya 12:35 masana.

.............................. E. Miti, Wapampando

.............................. E. Nkhoma, Mlembi